Ukonde Wosatsuka wa Lefteris

Lefteris ndi mng'ono wake Argyris ankaweta nsomba m'zikwere zoyandama pamadzi, aliyense zake, pagombe limodzi, koma sankalankhulana. Anayambana chifukwa cha mitengo ya azitona imene bambo awo anasiya, ndipo maboti awo akakumana panyanja aliyense ankayang'ana kumbali. Anthu akuluakulu, imvi zili mbuu!

Chilimwe china madzi anatentha kwambiri, matenda n'kulowa m'zikwere za Argyris. Nsomba zinatuluka zilonda zofiira kumimba, zinasiya kudya, m'mawa uliwonse n'kumapezeka zili gada pamwamba pa madzi. Dokotala wa ziweto anati ndi bakiteriya, ndipo anachenjeza alimi onse kuti chilichonse chokhudza madzi akumeneko azichiviika m'mankhwala.

Lefteris ankaonera patali mng'ono wake akuvuula nsomba zakufa yekhayekha, msana utapindika ngati wa bambo awo. Zinamupweteka mumtima. Tsiku lina analephera kupirira, anatenga ukonde wake wa mpini n'kupita.

"Ukugwira ngati ukusesa m'tchalitchi," anatero Lefteris. "Tasuntha uko."

Argyris anamuyang'anitsitsa. "Achimwene, mwasochera?"

"Fungo lako lafika mpaka kwanga. Gwira thumba, iwe."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa linafika paliwombo, akunyozana ngati kale. Kenako Lefteris anati akadye kwake, Argyris n'kukwera boti la mkulu wakeyo. Panjira anaima pa zikwere za Lefteris kuti atenge nsomba zowotcha.

Ndowa ya mankhwala otsukira inali m'botimo, pamapazi pa mwini wake pomwepo. Lefteris anaiyang'ana. Koma akanatsuka bwanji ukonde mng'ono wake akuona, tsiku loyamba kumumva akuseka? Zikanakhala ngati kusamba m'manja utangopatsana moni ndi munthu. Anaopa kumutayanso. Anapisa ukondewo m'chikwere momwe unalili, n'kuvuula nsomba zonona.

Sabata isanathe, nsomba zake zinasiya kudya. Anathira mankhwala m'chakudya, koma nsomba yodwala siidya, ndiye mankhwalawo ankangothera kwa zolimba. Ntchito ya zaka ziwiri inathera m'matumba.

Argyris anabwera, n'kuimika boti chapatali ngati mlendo.

"Achimwene, ndi za kwa ine zimenezi, eti?"

"Usadzitame iwe," anayankha Lefteris osatukula mutu. "Ndi kutenthaku. Ukuganiza kuti chilichonse panyanja pano chimachokera kwa iwe?"

"Musandinamize. Tsiku lija ndinakuonani mukuyang'ana ndowa," anatero Argyris. "Ndikanakuuzani kuti tsukani. Koma ndinakondwa, achimwene. Ndinakondwa kuti simunatsuke."

Lefteris anafuna kumunyoza kuti aseke, koma anangokhala pansi pakati pa matumba a nsomba zake, n'kuyamba kulira.