Kabedi ka Mtundu wa Mphesa

Mwana wanga ndi nesi, ndipo vuto lobereka nesi n'lakuti sakuonanso ngati bambo ake, amakuona ngati wodwala amene wathawa m'chipatala. Dokotala atangonena kuti chifuwa changachi sichikufunanso fungo la vanishi, iye sanachedwe. Analowa m'shedi yanga kuseri kwa nyumba, mimba ili patsogolo, n'kutola zitini zonse: vanishi, thina, penti, ngakhale kachitini kouma komwe ndinkasungiramo misomali yopindika.

"Bambo, ntchito yatha," anatero. "Mwapala matabwa moyo wanu wonse. Pumulani. M'shedi muno tiikamo katundu wa mwana."

"Katundu wa mwana ndi ameneyu," ndinayankha, ndikuloza kabedi komwe ndinkapangira mdzukulu wanga woyamba, yemwe anali akadali m'mimbamo. Miyendo inali itatha, timitengo ta m'mbali tili see, kungotsala kupaka mtundu basi.

Mwamuna wake, mkamwini wanga, ndi munthu wabwino, ndisamunamizire. Koma amakhulupirira kuti chinthu chabwino chilichonse chimabwera m'katoni, n'chifukwa chake mumtima ndimamutcha Bwana Katoni. Anaima pakhomo la shedi atagwira tambula ya juwisi, uja wa ufa wosungunula m'madzi.

"Apongozi, musadzivutitse," anatero mwaulemu wake wonse. "Kusitolo kuli timabedi tapulasitiki, topinda bwinobwino. Inu mungotipatsa kiyi, zinazi tiona ife."

Zinandiwawa, ndisabise. Pa nyumba imeneyi chipinda chomwe ndimagona ndi chawo, mpando ndi wawo, kapu yomwera tiyi ndi yawo. Changa ndi shedi yokhayo, yomwe ndinamanga ndi manja angawa nditasamukira kuno mkazi wanga atamwalira. Ndinawauza kuti kiyi sachoka m'manja mwanga kabedi kasanathe, ndipo akafuna akandisumire kwa dokotala wawoyo.

Nzeru anandipatsa ndi Bwana Katoni yemweyo, osadziwa. Polankhula paja anaika tambula yake pa thabwa langa loyera, ndipo atachoka panatsala mkombero wapepo. Ndinapukuta, osachoka. Ndinakwecha ndi sandipepa, mtundu unali utalowa m'kati mwa thabwa. Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola.

Mayi wa pagolosale atandiona ndikutola mapaketi a juwisi wa mphesa odzaza manja, anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Agogo, kuli phwando osatiitana?"

"Akumwa ndi matabwa, mayi," ndinatero, iye n'kungopukusa mutu.

Ndinasungunula ufawo m'madzi otentha pang'ono, wokhathamira, n'kuyamba kupaka ndi burashi motsatira mizere ya thabwa. Thabwa la paini linamwa ngati linali ndi ludzu la chaka chonse. Utauma woyamba ndinapakanso wachiwiri, ndipo kabedi kanatuluka mtundu umene sindinauonepo m'chitini chilichonse, mizere ya mtengo ikuonekera pansi pake. Shedi yonse inkanunkhira mphesa, chifuwa chili zii. Tsiku limenelo ndinadya chakudya chamadzulo ndi manja apepo, ndikuyang'ana mkamwini m'maso.

Kutacha ndinawaitana onse awiri kuti adzaone. Ndinatsegula chitseko monyadira, ndipo chomwe tinaona ndi kabedi kakuda bii, kakuyenda. Nyerere za m'dera lonse zinali zitaitanizana. Zinali pa miyendo, pa timitengo, zina zitandandalika mzere kuchokera pawindo. Kani juwisi wa ufayu alipo wamitundu iwiri, wina wothira kale shuga ndi wina wopanda, ndipo ine, amene ndimazindikira mtengo pongoununkhiza, ndinali nditapaka kabedi ka khanda ndi shuga weniweni.

"Mwana wanga agone apa?" anakuwa nesi. "Bambo, mukufuna adyedwe wamoyo?"

Bwana Katoni anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anamuulula. Ine ndi mkwiyo ndinathamangira ketulo, n'kukhuthulira madzi owira pa kabedi konse, ndikukwecha ndi burashi. Nyerere zinafa, shuga anasungunuka. Koma pansi pa kabedi ndinali nditaikapo pulaiwudi, ndipo pulaiwudi ndi madzi sizionana. Anafufuma, n'kuyamba kusendeka. Nthunzi ija inandilowa, chifuwa chinandigwira, ndinatsokomola mpaka kugwada pansi pamaso pawo.

Panalibenso zokambirana. Mwana wanga anazula kiyi pa loko, mwamuna wake anakhoma, kabedi ndi zida zanga zonse zili m'kati.

Masiku otsatira ndinakhala pakhonde ngati thumba la makala. Ankandibweretsera tiyi, mankhwala, bulangete, ndipo aliyense ankandilankhula motsitsa mawu, zomwe zimandinyansa kuposa kutukwanidwa. Kenako katoni ija inafikadi. Ndinamva mkamwini pabalaza akulimbana ndi timapaipi tapulasitiki, akufunsa mkazi wake kuti kachitsulo aka kalowa pati. Apo m'pamene mtima unandiuza kuti ine sindinafe, ndipo sindikhala pakhonde kudikira tsikulo.

M'mawa mwake mkamwini atapita kuntchito, mwana wanga atagona kupumitsa msana, ndinabwerera kugolosale.

"Wopanda shuga, mayi. Muwerenge bwino, maso angawa anandipusitsa kale."

Pobwera ndinadzera kukhitchini, n'kutenga sikuludiraiva yomwe amasunga m'dirowa ya masupuni. Chitseko cha shedi ndinachipanga ndine, ndipo mahinji ake ali kunja. Ndinamasula masikuluwu limodzilimodzi, ndinamasulanso kachitsulo kokolekapo loko, chitseko n'kutsamira pachifuwa panga. Chinali cha matabwa a paini enieni, ouma bwino, oposa pulaiwudi uja kutalitali. Ndinachikokera pabwalo pomwe pamawomba mphepo, n'kuchigoneka pa mabenchi awiri. Ndinatulutsa kabedi, ndinayeza pansi pake, ndinalemba mzere pa chitseko ndi pensulo, sowo n'kuyamba kulira.

Phokosolo ndi lomwe linadzutsa mwana wanga. Anatulukira pakona ya nyumba atagwira m'chiuno, n'kuima. Anayang'ana shedi ili yasa, anayang'ana chitseko chili pa mabenchi, loko akulendewerabe pamenepo ali chikhomere.

"Bambo, mwapenga?"

"Munkafuna kiyi, muli naye. Loko wanu sindinamukhudze."

"Mwathyola shedi!"

"Ndamasula. Kuthyola n'kwa akuba."

Sanaseke. Anabwera pafupi, maso ali jenjenje ndi misozi, ndipo mawu ake sanalinso a nesi.

"Amayi anapita ine ndikuona, ndi unesi wanga womwewu. Tsiku lija mutagwa m'shedi ndinaona ngati zayambanso. Ine ndikufuna mwanayu adzakupezeni, bambo. N'zokhazo."

Ndinaika sowo pansi. Koma kubwerera m'mbuyo ndiye ayi.

"Adzapeze ndani? Nkhalamba ya pakhonde yofunditsidwa bulangete masana? Ameneyo si bambo ako, mwana wanga. Ine ndine kalipentala. Vanishi ndasiya, ndamvera. Koma mdzukulu wanga agona pa thabwa lomwe ndapala ine, ndipo ukakhomanso ndimasula denga."

Kenako anaona mbale ya juwisi yomwe ndinali nditasungunula kale, n'kuviikamo chala, n'kulawa. Nkhope yonse inakwinyika ndi kuwawasa.

"Mulibe shuga," anatero.

"Ngakhale kambewu kamodzi."

"Nanga mwana akamaluma timitengoti, mtunduwo sumuthera m'kamwa?"

"Ukauma ndipaka phula la njuchi pamwamba. Lilibe fungo, ndipo ngakhale anyambite tsiku lonse sachita kanthu."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ndinadziwa kuti wapita kukaimbira foni mwamuna wake, ndipo ndinatolanso sowo kuti akamafika apeze nditadula kale. Koma anatuluka ndi chikwama chake cha kuntchito. Anasolola kamasiki, kaja kobisa mphuno ndi pakamwa, n'kundikoleka m'makutu yekha, mwankhaza ndithu, monga amachitira ndi odwala osamva.

"Fumbi la sowo nalonso ndi loipa. Mukavula kameneka, ine ndi inu tidana."

Anapisa m'thumba la diresi, n'kuponya kiyi pa benchi, ngakhale panalibenso choti n'kutsegula. Kenako anakoka mpando, anakhala pansi mwapang'onopang'ono ndi mimba yakeyo, n'kugwira chitseko mbali inayo ndi manja awiri kuti chisagwedezeke.

"Chekanitu, bambo," anatero. "Mwanayu sakudikirani."