Mphindi Zinayi za Esinati

1.
Munalonjeza.

2.
Loweruka masana, m'shedi yakale ya fodya ku Limbe. Anthu atatu pa nsanja ya matabwa. Gideoni Msosa ndi sakisofoni yake. Chiletso pa ng'oma. Bambo Tadeyo Kalitsiro, mkulu wa mpingo, atakumbatira besi yaikulu monga munthu agwirira mnzake wodwala kuti asagwe. Jazi yawo inalibe pepala, inalibe pangano la poyambira kapena pothera. Wina akayamba, enawo ankavomera kapena kukana. Makina ojambulira anali pa mpando, kanyali kofiira kakuyaka.

Omvera makumi anayi ndi atatu. Galu mmodzi.

3.
Nyimbo itafika pakati Gideoni anakuwitsa sakisofoni mpaka malata ananjenjemera kenako anasiya mwadzidzidzi ndipo Chiletso naye anaimika timitengo take m'mwamba ndipo m'kachetechetemo zala za Tadeyo zinapita kumene iye sanazitume, zinatsikira pa nsambo yonenepa ija n'kukatola kanyimbo kamene mkazi wake Esinati anapeka ali gone m'chipatala zaka ziwiri zapitazo, kanyimbo kamene kanali kasanalowepo m'khutu la munthu wachitatu, ndipo mumtima ankadziuza kuti siya, Tadeyo, siya, koma zala zilibe makutu, zinakabwereza, zinakabwerezanso, zinakang'amba, zinakasoka, zinakang'ambanso, mphindi zinayi zathunthu, mpaka misozi inadontha pa thabwa la besi ndipo galu uja anadzuka n'kutuluka panja

4.
Atamaliza anakaima pa mpopi kuseri kwa shedi.

Gidi, mphindi zinayi zija uzidule, Tadeyo anauza Gideoni.

Achimwene, mukudziwa chimene mwachita muja? Anthu aja anaiwala kupuma.

Ine ndimayesa ankolo agwidwa ndi mzimu, anatero Chiletso akusamba kumaso. Ndinangotsala pang'ono kuwathira madzi.

Si nyimbo ya pa chimbale, Gidi. Ndi ya alamu ako. Gwira dzanja langa.

Gideoni anagwira. Dzanja lake linali lonyowa.

Ndidula, achimwene. Mulungu akuona.

Akuonadi, anatero Tadeyo.

5.
Munalonjeza.

6.
Chimbale chinatuluka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mphindi zinayi zinalimo zonse, ndipo zinapatsidwa dzina: Kugwetsa Guwa.

Zimene analemba mkulu wina wounika nyimbo m'nyuzipepala ya Lamlungu:

kuti atatuwa amaimba ngati nyumba ikupsa koma palibe akufuna kuzimitsa

kuti ng'oma za Chiletso ndi matalala pa denga

kuti Msosa ndi mneneri

kuti pachimake ndi pamene wa besi watenga kanyimbo konunkha tchalitchi n'kukapotokola khosi anthu akuona

kuti papita nthawi asanamve woimba akuseka nyimbo za mapemphero mopanda mantha chonchi

nyenyezi zisanu.

7.
Mapemphero atatha, mlembi wa mpingo anamuitanira m'chipinda cha akulu n'kuyala nyuzipepala ija pa tebulo.

A Kalitsiro, tithandizeni. Manja omwewa agawe mgonero m'mawa, masana akapotokole khosi la nyimbo ya Ambuye?

Sindinapotokole kanthu.

Ndiye tiuzeni. Nyimboyo ndi yanji? Mwini wake ndani?

Tadeyo anatsekula pakamwa. Dzina linali pomwepo, kuseri kwa mano. Akanalitchula akanapulumuka, pakuti m'chipindamo munalibe munthu amene sanadyepo chakudya cha Esinati kapena kumva mawu ake pa maliro a m'bale wake. Koma akanafunsanso funso lina, ndipo linalo ndi limene ankaliopa.

Muyambe mwakhala pambali mpaka bwalo likumane, anatero mlembi, maso ali pansi.

Tadeyo anapinda nyuzipepala bwinobwino, ngodya ndi ngodya, monga amapindira nsalu ya pa gome la mgonero.

8.
Lachiwiri m'mawa, wailesi ili pa windo. Mtsikana wofunsa mafunso, ndi mawu a Gideoni osalala ngati mafuta.

Kodi n'zoona kuti munachita kupangana zogwetsa guwazi?

Tinapangana, eya.

Ganizo linali la ndani?

Langa.

Nanga kanyimbo kaja, mwini wake ndani?

Kalibe mwini. Timangotola m'mphepo.

Kuseri kwa mpanda tambala wa aneba analira, dzuwa lili kale pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Tadeyo anaseka yekha, kuseka kopweteka m'nthiti. Ngakhale nkhuku zimadziwa Malemba.

9.
Tadeyo anamupeza Gideoni pakhonde akupukuta sakisofoni ndi kansanza. Mnyamata amene iye anamuphunzitsa kumvetsera asanaimbe. Amene anadya naye m'mbale imodzi zaka khumi ndi chimodzi. Amene ananyamula nawo bokosi la Esinati, kutsogolo, mbali ya kumanja.

Unagwira dzanja langa.

Ndinayesa, achimwene. Katatu konse ndinadula. Ndikadula, chimbale chonse chimafa. Chimangotsala phokoso la anthu atatu.

Nanga dzina lija? Nanga zija za pa wailesi?

Anthu aja amafuna nkhani. Ndikanati ndi ya alamu? Si inu munati isatchulidwe? Ndinakubisirani.

Unandibisa m'matope.

Atiitana ku Joni, achimwene. Atatu tonse. Akufuna nyimbo yomweyo.

Upite ndi mphepo yakoyo ikakuimbire besi.

Gideoni anaika kansanza pansi. Kenako anayankhula.

Ndalakwa, ndavomera. Koma ndifunse chimodzi. Amene anaiimba pamaso pa anthu makumi anayi si ine. Ngati inali yopatulika chomwecho, inkatani m'zala zanu?

Tadeyo anayang'ana zala zake. Anatsika masitepe osatsanzika.

10.
Kumene Tadeyo anakumana nayo nyimbo ija sabata imeneyo:

pa wailesi, pakati pa mauthenga a maliro ndi zanyengo

pa foni ya mtsikana wa ku koleji, pa depoti

m'mluzu wa Chiletso, atabwera kudzapepesa ndi nthochi m'jumbo. Anazindikira mochedwa n'kugwira pakamwa.

Pepani, ankolo. Imakakamira.

Ndikudziwa, mwanangu. Ndikudziwa.

11.
Munalonjeza. Munalonjeza.

12.
Zaka ziwiri m'mbuyo. Wodi ya amayi, m'mawa, pansi pakununkha mankhwala okolopera. Esinati wachepa ngati mwana, koma mawu akadali ake. Akuimba chapansipansi, milomo yotseka. Kamodzi. Kawiri.

Abambo, mwaigwira?

Ndaigwira.

Iyi ndi yanga ndi Ambuye wanga. Mudzandiimbire kumanda, kamodzi kokha, dothi lisanatseke. Ikatero ilowe nane. Osapita nayo ku majazi anu aja, mwamva? Anaseka, kenako anatsokomola. Gwirani dzanja langa.

Anagwira.

Mulungu akuona, abambo.

Patapita masiku asanu ndi anayi, bokosi lili pansi, adzukulu atatsamira mafosholo, abusa anatembenuka. Kaya bambo ali ndi mawu otsiriza?

Nyimbo inali pa lilime ndipo iye anaona kuti akaiimba itsikira m'dzenjemo pamodzi ndi zonse, kuti kunyumba akapeza mpando ndi chitenje pa msomali ndi buku la nyimbo lotha m'ngodya koma mawu ake ayi, kuti ichi chokha n'chimene akanatha kubweza ku dzenje popanda womuona

Anapukusa mutu. Mafosholo anayamba.

Anabwerera nayo kunyumba ngati chinthu chobisa m'jekete.

Mawu aja amene amamutsatira pa msewu, m'tchalitchi, pakhonde pa Gideoni, si a iye mwini ayi. Ndi ofatsa, opanda mkwiyo, monga Esinati ankamukumbutsira akaiwala Baibulo pa windo.

Abambo.

Munalonjeza.