Chithunzi chogona

Kamera imene Bizwick ankagwiritsa ntchito inali ya loji ya alendo ya pa esiteti ya tiyi, chibokosi chamatabwa cha miyendo itatu chimene wojambula amachita kufunda nsalu yakuda kuti aone pagalasi lakumbuyo. Alendo ankaikonda chifukwa cha ukale wake. Bizwick ankadana nayo chifukwa woisenza m'zitunda za Thyolo anali iyeyo.

Chakumbuyo kwake, kolowetsa filimu, sikunkazungulira. Ukafuna chithunzi choimirira m'malo mwa chogona, unkayenera kumasula timapini tiwiri, kuchotsa chigawo chonsecho, kuchitembenuza, n'kumanganso. Mayi Daisy, oyang'anira loji, adamufunsapo ngati aitanitse chakumbuyo chozungulira, chongopotokola ndi dzanja limodzi.

"N'cholemera kuposa ichi, madamu?"

"Pang'ono."

"Ndiye chisiyeni. Tiyi ndi wotambalala, alendo onse amafuna chogona basi."

Adayankha mothamangira chonchi poganizira phewa lake, ndipo nkhani idathera pomwepo.

Kamerayo siinkatuluka popanda alendo, ndipo ikabwerako inkatsekeredwa m'kabati. Nchifukwa chake Bizwick adaona mwayi tsiku limene alendo adasankha kuyenda m'munda umene amayi ake, a Lestina, ankathyolamo tiyi. Linali tsiku lawo lomaliza pantchito, mawa lake ankabwerera kumudzi ku Changata. Chibadwire chake Bizwick ankawaona atawerama, dengu kumsana. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha cha amayi ake ataima chilili, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu woti ali ndi dzina.

Alendo adajambulitsa, naseka, nayamba kutsetsereka kupita ku galimoto. Filimu idatsala imodzi.

"Amayi! Taimirirani pang'ono, ndikujambuleni!"

"Iwe, a kapitawo akundiona. Lero lomwe ndichoke ndi mbiri ya ulesi?"

"Kanthawi kochepa chabe."

A Lestina adatula dengu, nagwira m'chiuno, nawongoka pang'onopang'ono. Kodi adali aatali chonchi? Bizwick adalowa m'nsalu. Pagalasi amayi ake adaoneka chadodolido monga zimakhalira ndi kamera zimenezi, koma mutu udadukira kunja. Chogona sichikadawakwana. Kubwerera m'mbuyo sakadatha, tchire la tiyi lidamupanikiza m'chiuno mbali zonse.

Adamasula kapini koyamba. Kachiwiri kadakana, kadachita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno, poti nanga adakakhudzapo liti? Adakankha ndi chala mpaka chikhadabo chidang'ambika. M'nsalumo munkatentha ngati m'uvuni, thukuta lili m'maso.

"Wamaliza?"

"Dikirani, amayi, chonde!"

Galimoto ya alendo idaliza hutala. Kumunsi thirakitala ya sikelo yoyezera tiyi idafika, kapitawo nayamba kuitana mayina. Bizwick adamenya kapini ndi chibakera, koma kadangomuyang'ana. Adamva chisoni chosakanikirana ndi ukali, ndipo womukwiyira adalibe koma iye mwini.

"Mwanawe, nthawi yatha. Dengu silinadzaze."

Atasuzumiranso pagalasi, adapeza amayi ake atasenza dengu, atawerama, manja ali m'masamba. Tsopano adakwanamo bwinobwino, malo n'kutsalako a phiri ndi mitambo. Adamanganso kapini koyamba kaja, nalowetsa filimu, najambula.

Chithunzicho chidatuluka chokongola mochititsa manyazi. Mayi Daisy adachikonda kwambiri moti adachikulitsa n'kuchipachika m'chipinda chodyera, pamwamba pa tebulo la makapu. Bizwick ankadutsa pansi pake m'mawa uliwonse, kamera ili paphewa, ndipo sankakweza maso.

Chaching'ono chake adapita nacho ku Changata pa Khirisimasi. A Lestina adapukuta manja pachitenje, nachilandira ndi manja awiri, nachiyandikitsa kumaso. Adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wajambula bwino, mwana wanga. Munda wathu womwe uja," adatero. Kenaka adaloza dengu ndi msana uli pansi pake. "Nanga awa ndi anzanga a Teleza kapena ndine?"