Kuseri kwa Bolodi

Nditalowa mu ofesi muja ndinapeza mayi anga aang'ono ataima pafupi ndi chitseko, mopu ili m'manja, chikwama chili kale paphewa. Akhala akukolopa pamenepo zaka zisanu ndi zinayi.

"Ndiwe wokonza uja?" anafunsa bwana wa ofesiyo, moni osapereka. "Kompyuta yanga sikuyaka. Mayi awa aithira madzi pokolopa m'mawa. Ukangotsimikiza, ntchito yawathera lero lomwe."

Bwanayo sankadziwa kuti ndine mwana wa mkulu wa mayiwo. Amayi anandiyang'ana kamodzi n'kuwerama. Nanenso ndinakhala ngati sindikuwadziwa.

Bokosi la kompyuta linali pansi pa tebulo. Ndinadina batani. Zii. Ndinasintha chingwe cha magetsi, ndinayesa soketi ina. Zii. Matailosi a pamenepo anali adakali achinyezi.

Bokosilo ndinalikweza patebulo n'kumasula chivindikiro chakumanzere. Ndinayamba ndi kabokosi kogawa magetsi. Ndinazula mawaya ake onse, ndinapinda kawaya kopanira mapepala, n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda. Fani yake inazungulira bwinobwino. Ndinkafuna ikanike. Kabokosi kameneka kakafa, amangoti kakalamba, palibe amene amamuloza chala.

"Ndiye?" anatero bwana.

"Aka n'kamoyo."

"Basi ndi madzi."

"Simunandiitanire kudzalosera, bwana. Dikirani."

Ndinabwezera mawaya pa bolodi lalikulu, lija limanyamula zonse za m'kati. Mwina batani ndi lomwe lafa. Ndinakhudzitsa sikuludiraiva pa timano tiwiri pomwe batani limalumikizidwa. Fani inagwedezeka kamodzi n'kuima. Izi zimachitika magetsi akamadutsa posayenera. Madzi amachititsa zomwezo.

Ndinanunkhiza bolodi. Fumbi lokhalokha, fungo la kupsa panalibe. Ndinaunika ndi tochi ya foni, kufuna timadontho toyera tomwe madzi amasiya akauma. Sindinatione.

"Mayi, bokosili munalikhudza?" ndinafunsa.

"Ndimangolizungulira, mwana wa akulu anga." Anadzigwira pakamwa mawu atatuluka kale.

Bwana anatsitsa magalasi. "Oho! Ndinu amodzi? Ndiye undinamiza iwe."

"Imani pompano muone nokha. Maso muli nawo anayi."

Kunatsala chinthu chimodzi. Ndinamasula masikuluwu asanu ndi limodzi, ndinatulutsa bolodi lonse m'bokosi n'kuliika pa katoni youma. Likakana kuyaka ngakhale pamenepa, ndiye kuti lapsadi, ndipo mawu anga sangapulumutse munthu. Kumbuyo kwanga ndinkamva ndodo ya mopu ikugogoda pansi pang'onopang'ono.

Ndinalumikiza mawaya. Ndinakhudza timano tija.

Fani inagwedezeka. Inazungulira. Sinaime. Kenaka sikirini inawala.

"Bolodi lilibe vuto," ndinatero. "Muli chinthu m'bokosimu chimene chimalikhudza kunsi."

Ndinanyamula bokosi lopanda kanthu lija n'kulipendeketsa. M'kati munalira kachitsulo. Nditatsegula chivindikiro chakumanja, chimene anthu satsegula kawirikawiri, patebulo panagwa kiyi wamng'ono, kachidutswa ka tepi youma kali kolendewera. M'kati mwa chivindikirocho munali chizindikiro cha pomwe tepiyo inamatidwa, moyang'anizana ndi bowo lofika kuseri kwa bolodi.

"Kutentha kwaumitsa tepi, kiyi wagwera pa bolodi," ndinatero. "Ndi wa ndani ameneyu?"

Bwana anayang'ana kuzenera.

"Wa kabati ya shuga," anayankha amayi motsitsa mawu. "Abwanawa amandibisira. Amati ndimatapako."

Bwana anakhosomola, anapukuta magalasi omwe anali oyera kale. "Chabwino, chabwino. Bwezera zonse, ndili ndi ntchito."

Ndinaika sikuludiraiva pansi n'kupinda manja. Bolodi linali pa katoni, mawaya ali balala.

"Ndibwezera. Amayi atule kaye chikwama."

Bwana anandiyang'ana, anayang'ana bolodi. Ankadziwa kuti yekha sangabwezere ngakhale waya mmodzi.

"Tulani chikwamacho, mayi."

Amayi anachipachika pa msomali wake kuseri kwa chitseko. Ine ndinatola sikuluwu loyamba. Kiyi ndinamusiya pakati pa tebulo, poonekera.