Belu Lopanda Chingwe

Tsiku limene ndinkapita kunja, bambo anga anandigwira dzanja pa depoti ku Limbe, zala zawo zikununkha penti. Ntchito yawo inali yopenta mitu ya sitima. Anati, "Nachisale, kuntchito kwathu munthu akamwalira timamuimbira belu la sitima katatu, kenako timaligwira ndi dzanja kuti likhale chete. Langa udzaimbe ndiwe." Ndinavomera msangamsanga, maso ali pa basi. Anamwalira ine ndili ku Leeds, ndikusambitsa makolo a eni. Ndabwerako mwezi watha, patatha zaka makumi atatu ndi zitatu.

Ndinalota ndikutsegula chitseko cha bafa kwa mng'ono wanga ku Bangwe, ndipo ndinalowa m'shedi ya sitima. Anali masana. Mutu wa sitima unaima pamenepo atauveka mitundu yakale ija: wobiriwira ngati masamba a tiyi, ndi mzere wachikasu m'mbali. Masiku ano akuti zakale zili m'fasho. Pansi pa pentiyo dzimbiri linkapuma, ndinkalimva.

Bambo anali atagwada pambali pake, atavala ovololo pamwamba pa suti imene anawaika nayo. Ankabwereza mzere wachikasu uja ndi burashi, osayezera, atagwira mpweya monga ankachitira.

"Mwafika, mayi," anatero osacheuka.

"Ndafika, bambo."

"Sitimayi inyamuka mzerewu ukauma. Ine sindingakwere belu langa lisanalire. Ndakhala ndikuunyowetsa chimwalirireni, koma onani." Anandipendekera chitini. Penti inangotsala yochita kukanda.

Ndinathamanga n'kukwera kwa dalaivala. Munalibe munthu. Ndinapapasa kudenga kumene kunkalendewera chingwe cha belu, ndipo ndinagwira mphepo. Pakhoma panali kabatani kofiira. Kanatsokomola mwaulemu.

"Pepani mayi, achingwe anapuma pantchito. Dinani ine."

"Ndikufuna katatu kokha."

"Ife sitiwerenga. Timalira basi."

Ndinadina. Kulirako kunachokera m'kabokosi ka timabowo, pansi pa nyali ya kutsogolo kwa sitima: ngee, ngee, ngee, kosalala, kofanana ngati mabanzi a m'sitolo. Ndinakuzindikira. Ndinkakumva m'mawa uliwonse m'sitima za ku Leeds kozizira kuja.

Kachitatu katakwana ndinalumphira pansi n'kuphimba kabokosiko ndi dzanja. Kanalira kachinayi kudzera m'zala zanga. Ndinakavundikira ndi chitenje. Ndinakatsamira ndi chifuwa, ndipo kulirako kunatulukira kumsana kwanga. Nthawi iliyonse kakalira katatu, munthu ankadzuka pakati pa njanji, kusasa fumbi, n'kukwera. Onse anali akufa, ndipo sanali a kuntchito kwa bambo. Ankandithokoza podutsa.

"Bambo, kwerani! Lalira!"

"Si langa limenelo. Silinatonthole."

Ndinakwera pamwamba pa mutu wa sitima, mawondo anga okalambawa akuterereka pa penti. Belu lamkuwa linalipo, likunyezimira pamalo pake penipeni. Ndinalira ndi chimwemwe. Nditaligwira, linandimatirira m'manja. Linali lojambula. Analijambula bwino kwambiri, ndi mthunzi womwe.

Pansi ndinamva burashi ikukanda chitini chopanda kanthu. Mzere unayamba kuuma kuchokera kumbuyo, pang'onopang'ono, ngati bala. Ndinatsetsereka n'kuulavulira. Ndinaupaka misozi, unamwa. Ndinapempha kabatani, ndinakatukwana, ndinakatchula kuti achimwene. Kanati dandaulo langa lalandiridwa.

Basi ndinagwada pamaso pa bambo, ndinatsegula kukamwa, ndinakuwa ndekha: ngee! ngee! ngee! Kenako ndinadzitseka pakamwa ndi dzanja lobiriwira ndi penti.

Anandiyang'ana koyamba. Sanakwiye. Kukanakhala bwino akanakwiya.

"Pakamwa ayi, mayi. Pakamwa munaimba kale pa depoti."

Mzere unauma mpaka kumphuno kwa sitima. Mateyala anagudubuka. Mabogi anadutsa odzaza, anthu atatulutsa mitu m'mawindo, ndipo mpando umodzi wa pawindo unali wopanda munthu. Bambo anauperekeza ndi maso mpaka unakhota. Kenako anapukuta burashi pa ovololo, anavundikira chitini, n'kukhalapo, manja pa mawondo.

Ndinadzuka mng'ono wanga akundigwedeza phewa. "Achemwali, mukukuwa ngati sitima, mwadzidzimutsa nkhuku. N'chiyani?"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munali moyera.

Belu la bambo anga sindinaimbe.