Kapo wa Mkuwa wa ku Nkope

Ku Nkope kunalibe injini ya boti imene inawakanikapo Che Sulemani. Asodzi ankati bambowo akangoika khutu pa injini, matenda ake amawatchula asanamasule ngakhale bawuti limodzi. Munthu wobweza ntchito yawo anali asanamuone, mpaka tsiku limene anabwera mphunzitsi Howard Kalonga.

Howard anali wa ku Ntcheu, ndipo boma linamutumiza kudzaphunzitsa kunyanja kuno mu 1982. Iye ankaliza gitala, mkazi wake Esime n'kumaimba. Chaka chotsatira achipani anawasankha kuti akaimbe ku Boma la Mangochi pa 6 Julaye. Koma mawu a Esime anali okwera, choncho Howard ankamangirira pensulo pakhosi pa gitala ndi mphira kuti nsambo zizilira mokwera, pensuloyo n'kumaterereka nyimbo ili pakati. Chofunika chinali kapo, kachitsulo kopanira nsambo zonse pamalo amodzi. Howard anamujambula papepala, ndipo Che Sulemani anamusula masiku awiri okha.

Tsiku lachitatu Howard ndi Esime anatulukira pa shedi ya Che Sulemani atanyamula gitala.

"Che Sulemani, mutikhululukire," anatero Howard. "Kapoyu sakugwira bwino. Nsambo zapakati zikulira, koma zam'mphepetezi zikungochita phokoso ngati ntchentche m'botolo."

"Chitsulo changa n'chowongoka, aphunzitsi. Ndinachiyeza kawiri."

Howard sanatsutse. Anangoliza, ndipo phokoso lija linamveka poyera. Kenaka anatulutsa kampango m'thumba, n'kukamasula. Munali kapo wina, wonyezimira ngati supuni yatsopano, wopana ndi sipuling'i. Anati wabwereka kwa mlamu wake wogwira ntchito kuhotela ku Makokola, amene anapatsidwa ndi mzungu woyendetsa ndege.

Mtima wa Che Sulemani unawawa. Komabe khutu lawo silinkanama: ndi kapo wachilendoyo nsambo zonse zinalira mwayera. Esime anayamba kuimba, koma asanafike patali analekeza.

"Uyunso ali ndi khalidwe lake," anatero mayiyo. "Akupana mopitirira. Mawu a gitala akukwera pang'ono, ine n'kumawathamangira ngati basi yondisiya."

"Tandipatsani gitalayo," anatero Che Sulemani.

Chibadwire anali asanagwirepo gitala, pakuti bambo awo anali mwalimu wa kumadrasa ndipo zinthu zotere sizinkalowa pakhomo pawo. Anaiika pamiyendo mosamala ngati khanda la eni. Anatenga lula yachitsulo n'kuigoneka mopingasa pakhosi paja. Lulayo inagwedera uku ndi uku. Anayendetsapo chala, n'kumva kuti pakati m'potukuka pang'ono, ngati bwato lovundikira.

Kenaka anaseka.

"Wolakwa ndine. Ndinayeza chitsulo, gitala osaiyeza. Isiyeni kuno mpaka Lachisanu."

Sabata imeneyo asodzi awiri anabwerera ndi injini zawo zosakonzedwa akung'ung'udza. Che Sulemani anadula mkuwa ku pulopela yothyoka, n'kumaupala ndi tupa, kuyeza pakhosi pa gitala, kupalanso. Kunsi kwake anayamba aikako chubu cha njinga, koma chinali chofewa kwambiri ndipo nsambo zinkalowamo. Chikopa cha mbuzi chinkapha mawu. Potsiriza anang'amba paipi ya petulo ya injini, imeneyo inakhala bwino. Sipuling'i anaikana. M'malo mwake anaika kabawuti kopotokola ndi zala, kuti woimba azipana mmene khutu lake lafunira. Mbali yogunda thabwa anaikuta ndi kansalu kuti isasiye bala.

Lachisanu atachoka kumzikiti anapita kusukulu, ana ataweruka kale. Howard anaika akapo awiriwo patebulo la m'kalasi, ndipo sanachite phuma. Anayamba ndi wachilendo uja. Analiza nsambo imodziimodzi, kumusendeza kumunsi, kulizanso, kumuchotsa, kumvetsera ngati gitala yasokonekera. Ndithu nsambo ziwiri zinafunika kuchunanso. Ndiyeno anatenga wamkuwa. Anapotokola kabawuti pang'onopang'ono mpaka nsambo yomaliza inayera, n'kulekera pomwepo.

Che Sulemani anaima pakhomo, kofia ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

Esime anaimba nyimbo yonse osaima. Anaimbanso yachiwiri, imene kale ankaiopa chifukwa chokwera. Atamaliza, Howard anachotsa kapoyo, kuliza nsambo zonse, kutembenuza gitala kuti aone kumsana kwa khosi. Panalibe chosintha. Anatenga wonyezimira uja, kumukulunga m'kampango kake, n'kupatsa mkazi wake.

"Uyu mawa abwerere ku Makokola. Mukawathokoze alamu."

Pa 6 Julaye Che Sulemani anakwera lole ya achipani pamodzi ndi amayi ovala nsalu zofanana, khadi la chipani lili m'thumba la malaya. Ku Boma anaima padzuwa maola atatu akumvera zolankhula. Nthawi ya Howard ndi Esime itakwana, anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Mawu a nyimbo sanawasamale kwenikweni. Iwo ankamvetsera nsambo zam'mphepete zija, ndipo zinalira bwino mpaka kumapeto, anthu n'kuwomba m'manja, amayi nthungululu.

Pambuyo pake msilikali wina wa bandi, dzina lake Jeremiya, anapita kwa Howard n'kumatembenuza kapoyo m'manja.

"Munagula ku Joni ameneyu?"

"Ku Nkope," anayankha Howard, akuloza ndi dzanja lonse. "Mwini wake ndi awo."

Msilikaliyo anawapatsa moni wa manja awiri, n'kupempha kuti amupangire wake.

"Gitala yanu ili kuti?" anafunsa Che Sulemani.

"Ku Zomba, bambo."

"Mukabwere nayo. Telala sasoka malaya munthu asanamuone."

Atatero anavala kofia yawo bwinobwino n'kupita kukafuna lole yobwerera, pakuti anali atalonjeza asodzi awiri aja kuti injini zawo zilira dzuwa lisanalowe.