Mmene Anamusambirira Mariamo

Mawondo a Mariamo anayamba kumukana asanakalambe n'komwe. Anatupa, anauma, ndipo mkazi amene ankasenza yekha thumba la nyemba pamsika wa ku Cuamba anafika poti kuchoka pakhonde kukafika pampopi ankapumira panjira. Chomwe chinkamupweteka mtima koposa chinali swala, pemphero lake la Chisilamu. Sankathanso kugwada n'kugunditsa mphumi pansi, choncho ankaswali atakhala pampando ngati mlendo wodikira tiyi.

Kuchipatala anamupatsa mapiritsi, koma namwino wina dzina lake Sandra anamukokera pambali.

"Mayi, mapiritsiwa angogoneka ululu, sauchotsa. Mawondo anuwa akufuna madzi. Mumatha kusambira?"

Mariamo anaseka. Funso lotani limenelo kwa munthu wobadwira ku Mandimba, amene ali mtsikana ankakwapulidwa chifukwa chosiya mbale pagombe n'kumathamangitsana ndi anzake m'mtsinje?

Sandra anali ndi kagulu kake ka anthu achikulire, ena a mimba zotsogola, ena a misana yolira, amene ankasambira pa pensau ina, nyumba yogona alendo, kuseri kwa njanji. Pamenepo panali pisina, dziwe la simenti la madzi onunkha mankhwala. Chaka chimenecho chitangoyamba, gululo linapangana chinthu chimene anthu a pamsika anati ndi misala ya okhuta: aliyense asambire mtunda wofanana ndi wochokera ku Cuamba kukafika ku Mandimba chaka chisanathe. Pakhoma anamatapo mapu a msewu. Munthu akatuluka m'madzi ankauza Sandra maulendo amene wapita ndi kubwerera, ndipo Sandra ankasuntha phini ya munthuyo pang'ono. Ya Mariamo inali ya mutu wobiriwira.

Mwamuna wake, Sadiki, ndiye anakonza zonse. Anakakambirana ndi mwini pensau kuti m'mawa, swala ya m'bandakucha ikangotha, pisina izikhala ya akazi okha. Anamugulira mkazi wake buluku lalitali ndi malaya ofika m'mawondo. Ankamutengera pa njinga yake yamoto, n'kukhala pageti atafulatira madzi, wailesi ili m'manja, kubweza mwamuna aliyense wolawirira.

"Anzathu ku Mandimba amapita pa shapa, minibasi ija," ankatero pobwerera kunyumba, akumuseka mkazi wake. "Amake Yasini okha ndiwo akupitako chagada."

"Inu mukadzafuna kunditsatira mudzamira pa Cuamba pompano," Mariamo ankamuyankha.

Poyamba ankameza madzi, n'kutuluka akutsokomola ngati mbuzi. Koma madzi sanamuiwale. Mvula ikamatha anali atasiya kupumira panjira ya kumpopi. Nthawi yozizira, ena ambiri akuzemba ndi zifukwa za chimfine, iye ankalowabe m'madzi mano akugundana. Ndipo tsiku lina masana anayala mkeka wake wa swala, anakankhira mpando kumbali, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mphumi inakhudza pansi. Analira pomwepo, ndipo anachedwa kudzuka chifukwa sankafuna.

Mu Ogasiti phini yobiriwira inali itadutsa pa Mississi, mudzi wa pamsewuwo, patsogolo pa amuna angapo amene ankati mwina Sandra akukondera. Mwezi womwewo Sadiki anagwa pansi akuyeza nandolo kunkhokwe. Sanadwale, sanatsanzike. Dzuwa lisanalowe anali atamuika m'manda.

Mlongo wake wa malemuyo, Aziza, anabwera kuchokera ku Mandimba ndi chikwama chachikulu, chosonyeza kuti si munthu wobwerera mawa. Anabwera kudzakhala ndi mlamu wake pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake, osadzola, osavala zokongola, osayendayenda. Mariamo sanatsutse. Iye ankamukonda mwamuna wake, ndipo masabata oyamba sankafuna kuona ngakhale msewu.

Koma mawondo alibe chisoni ndi maliro. Mwezi usanathe mawondowo anayamba kulira iye akamadzuka. Kenako ululu uja unabwerera, woyamba kumanzere ngati kale.

Shehe atabwera kudzapemphera ndi banjali, Mariamo anamufunsa ali kuseri kwa nsalu yotchinga. Shehe anali munthu wofatsa. Anati chipembedzo sichiletsa wamasiye kutuluka masana pa chifukwa chenicheni monga kukalandira chithandizo cha matenda, bola abwerere kukagona kunyumba kwake. Mtima wa Mariamo unadumpha. Aziza anadikira kuti shehe atuluke pageti.

"Alamu, chithandizo chake ndi chiti? Cha ku pensau?"

"Ndi mankhwala anga, alamu. Mlongo wanu ndiye ankanditengera kumeneko."

"Eya, ankakutengerani. Lero akutengerani ndani? Pageti pakhala ndani? A shehe anena za m'buku, ine ndikunena za pakamwa pa anthu. Wamasiye amasamba tsiku lotuluka eda, pamenepo ndiye timati wamasuka. Inu mukakadziviika m'dziwe mwezi uno, Cuamba yense adzati mukumutsuka Sadiki m'thupi dothi la pamanda lisanaume. Ndipo zikafika ku Mandimba ine ndidzayenda bwanji?"

"Nanga ine ndidzayenda bwanji?" Mariamo anafunsa, akuloza mawondo ake.

"Miyezi inayi si zaka. Madziwo sathawa."

Zoona, madzi sanathawe. Ndipo tisamusenzetse Aziza yekha mlanduwu, chifukwa chitseko sichinakhomedwe. Mariamo m'mawa wina anafika mpaka pageti, zovala zosambira zili m'jumbo. Anaona mayi woyandikana naye akusesa panja, tsache litaima m'malere, maso ali pa iye. Anaganiza za geti la ku pensau lopanda munthu wofulatira madzi. Anabwerera m'nyumba yekha, popanda womukoka, ndipo chimenecho chinamuwawa kuposa mawu onse a mlamu wake.

Sandra ankabwera kudzamuona. Anamuphunzitsa kukweza miyendo ali chigonere ndiponso kupinda mawondo atagwira khoma. Mariamo ankachita zonsezo mokhulupirika, koma zinali ngati kuthirira munda ndi supuni. Kutentha kwa Okutobala kutafika, miyendo inatupa mpaka zibangiri za m'miyendo akanakhala nazo akanazidula. Mpando unabwerera pamkeka wa swala. Mvula yoyamba ikugwa, anatuma munthu kukamudulira ndodo. Aziza ankamuphikira, kumuchapira, kumuthowa ndi madzi otentha, ndipo ankachita zimenezi ndi mtima wonse. Nkhanza za munthu wokuthowa miyendo ungazidandaule kwa yani?

Eda inatha chaka chatsopano chitangolowa. Mariamo anasamba, anavala kapulana, chitenje chatsopano, ndipo Aziza anakwera shapa ya ku Mandimba nkhope ili ngwee, ntchito yake ataigwira bwino. Sabata yomweyo Sandra anaimba foni kuti Loweruka kuli mwambo wotsekera chaka ku pisina, ndipo mayi Mariamo asalephere.

Mariamo anadziwa kuti chaka chamuthera panjira. Sizinamuvute kwenikweni. Chimene ankafuna chinali kukaona phini yake pamene anaisiya, kupitirira pang'ono pa Mississi, n'kunena mumtima kuti mpaka apa ndinafika ndekha, ndipo ndiyambira pomwepa. Analongedza zovala zosambira, anaitana wanjinga, n'kupita.

Anapeza nyimbo zikulira, nkhuku zili pamoto, ana a anthu akudumphira m'madzi. Atangolowa ndi ndodo yake, gulu lonse linaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Iye anayang'ana kukhoma. Phini yobiriwira inali pa Mandimba.

Asanafunse kanthu, bambo Bernado anagogoda botolo kuti anthu akhale chete. Anali mphunzitsi wopuma, wa ku Ngauma, amene ankasambira ngati akukangana ndi madzi koma sankajomba.

"Mayi Mariamo," anatero, "kwathu ku Ngauma, mayi akaferedwa nthawi yolima, sitilola kuti munda wake ugone. Timatenga makasu, aliyense mzere wake, mpaka munda wonse utatha. Ndiye ndinawauza anzangawa kuti mnzathu ali m'nyumba, ulendo wake waima panjira, ife tili ndi manja. Aliyense akamaliza zake ankawonjezera maulendo angapo a inu. Takusambirirani, mayi. Mwafika kwanu."

"Ndipo a Bernado okha sanafike," Sandra anawonjezera, misozi ikulengeza. "Theka la zawo ankapereka kwa inu. Phini yawo yathera panjira."

Anthu anaombanso m'manja, ena akufuula kuti parabenzi, mawu omuyamikira. Bambo Bernado anaweramitsa mutu mwamanyazi, akumwetulira.

Mariamo anakwiya. Munda wolimiridwa umabereka chimanga, ndipo wamasiye amadya. Nanga mawondo awa adya chiyani pa maulendo a Bernado? Anthu awa anasambira, mapewa awo anakula, mimba zawo zinaphwa, n'kulemba dzina lake pamwamba pa thanzi lawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe amene angakutsekulire ali kwawo. Ankafuna kuwauza zonsezi mokuwa, kuti ngakhale owotcha nkhuku amve. Koma ungaikalipire bwanji nkhalamba imene yataya ulendo wake chifukwa cha iwe?

Anasendera kukhoma, ndodo ikugogoda simenti, n'kuyang'anitsitsa msewu wa pamapu.

"Sandra, mwanawe, ine ndinalekera pati?"

Sandra anabwera, anayendetsa chala kuchokera pa Mississi. Msewu wonse unali timabowo tokhatokha, ta maphini a anthu onse, chaka chonse.

"Chapompano... kapena apa. Pepani mayi, sindinaike chizindikiro. Koma zilibe kanthu tsopano, si mwafika?"

"Nanga nthawi ya m'mawa ija, ya akazi?"

Sandra anayang'ana pansi. Anati akazi enawo sankasamala kusambira pamodzi ndi amuna, ndiye pamene mayi Mariamo anasiya kubwera, mwini pensau anaipereka nthawiyo kwa alendo ogona. Mwina atakambirana naye bwino angasinthe maganizo, koma pangafunike munthu wokhala pageti.

Mariamo anafinya jumbo ya zovala zake kukhwapa. Onse anali akumuyang'ana, nkhope zowala, kudikira mawu ake. Iye analeredwa bwino, ndipo munthu woleredwa bwino amadziwa chonena anthu akamulimira munda.

"Zikomo," anatero. "Mulungu akudalitseni nonse."

Mawuwo anamuwawa m'kamwa kuposa mapiritsi onse amene anamwapo.

Ndiye panabwera za chithunzi. Onse amene anafika ku Mandimba anayenera kuima pakhonde la pensau, aliyense atanyamula malaya ake a mphoto. Khondelo linali ndi masitepe atatu. Mariamo anaika ndodo pa loyamba, anayesa kukweza mwendo wamanzere, koma unakana. Anayesa wamanja, bondo linanjenjemera. Nyimbo zinali zikulirabe, wojambula akudikira.

Sandra anamugwira mkono uwu, mayi wina anamugwira winawo, ndipo anawerenga pamodzi mpaka katatu. Mkazi amene anasambira kuchoka ku Cuamba kukafika ku Mandimba anamukweza pakhondepo mapazi ali lendelende, ndipo wojambula anamuuza kuti amwetulire.